Kusamalira mtsinje kuchokera kuphiri mpaka ku Chilwa: poyambira pake

Mukaima pa mlatho wa mtsinje wa Likangala ku Zomba m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, madzi ake amakhala ngati phala la mawere. Amatsika atasenza mapesi, majumbo, nthambi, komanso nthaka ya m'munda mwa munthu. Mwini mundawo ali kumtunda, ndipo chaka chamawa adzadandaula kuti feteleza sakugwiranso. Nthakayo ikukatseka ngalande ku sikimu ya mpunga kumunsi, yotsala n'kukakhazikika pansi pa nyanja ya Chilwa. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, chalowa chalowa. Ndi yosaya kale, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018, mabwato n'kugona pa matope ong'aluka ku doko la Kachulu. Chimene chimaiphwetsa kwenikweni ndi chilala cha zaka zotsatizana, koma mitsinje yosefukira mu Januwale n'kuuma mu Seputembala imafulumizitsa zinthu.

Ndakhala kwa zaka zingapo mu komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu, ija timangoti VNRMC, m'mbali mwa kamtsinje kamene kamathira mu Likangala. Ndikulembera amene akufuna kuyamba ntchito yosamalira mtsinje wawo mogwirizana ndi midzi ina, maofesi a boma ndi mabungwe. Ndinene msanga kuti mbande zibwere pambuyo. Ambirife timathamangira kubzala mitengo chifukwa ndi zimene zimaoneka bwino pa chithunzi, pamene wa kumtunda ndi wa kumunsi sanakhalepo pansi n'kumvana.

Yambani mwauyenda mtsinjewo

Mu Ogasiti kapena Seputembala, udzu utauma, madzi atachepa, tengani tsiku limodzi kapena awiri muyende wapansi kuchokera ku kasupe mpaka pomwe kamtsinje kanu kakumana ndi mtsinje waukulu. Musayambe ndi Likangala kapena Domasi yense, simungamuthe. Sankhani kamtsinje kamodzi kamene midzi yake mungaiwerenge ndi zala.

Paulendowu pakhale nduna ya mfumu, amayi otunga madzi ndi kuchapa, mlimi wa dimba, wachinyamata wa foni yojambula, ndi agogo mmodzi amene anasambira mumtsinjewo ali mwana. Agogowo musawasiye ngakhale akuyenda pang'onopang'ono. Ndi amene angakuuzeni kuti apa panali dziwe lozama, apo panali mkuyu waukulu, ndipo kasupe uyu sankaphwa ngakhale m'chaka cha njala. Lembani chilichonse: pomwe payamba chigwembe, pomwe akukumba mchenga, pomwe pali uvuni wa njerwa, pomwe dimba lafika mpaka m'madzi, pomwe phiri lameteka. Lembaninso pomwe zinthu zili bwino. Manda ambiri kwathu kuno akadali ndi mitengo yachilengedwe, ndipo ndi amene angakuonetseni mitundu imene imakonda nthaka yanu. Mukabwerako jambulani mapu pansi ndi kamtengo, anthu akonze, kenaka muwakopere papepala lalikulu.

Werengani onse amene amamwa mtsinjewo

Madzi sadziwa malire a mfumu. Mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Namadzi imadutsa m'madera a mafumu angapo isanafike kunyanja, ndipo nyanjayo tikugawana ndi a ku Machinga, a ku Phalombe, ngakhale a ku Mozambique. Choncho mndandanda wa oitanidwa uzitsata madzi.

Mafumu ndiye oyamba, ndipo pitani nokha mukawaone, osangotumiza kalata. Yambani kwa nyakwawa, akutengereni kwa a gulupu, nkhani ikafike ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti isaoneke ngati ya m'thumba mwa munthu mmodzi. Kenaka alangizi a zankhalango ndi a zaulimi a m'dera lanu. Ngati kasupe wanu ali m'nkhalango yotetezedwa ya Zomba kapena Malosa, simungakhudzemo kanthu popanda ofesi ya zankhalango, ndiye aitaneni tsiku loyamba lomwelo. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake yoyang'aniridwa ndi komiti, ndipo lamulo la zamadzi la 2013, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, limazindikira makomiti oyang'anira madera amene mitsinje imatolera madzi. Mukamapita ku maofesi simukupempha chachilendo.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. FRIM, amene amafufuza za mitengo ndi kusunga mbewu zake, ali mumzinda momwemu. University of Malawi ili pomwepa. A Southern Region Water Board amatunga madzi a m'tauni ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndiye nkhani ya matope m'madzi amaimva msanga. Ndipo kugwirira limodzi si kwatsopano: kuyambira mu 2010, pulogalamu ya Lake Chilwa Basin Climate Change Adaptation Programme inabweretsa pamodzi mabungwe a LEAD, FRIM ndi WorldFish, ndi thandizo la dziko la Norway, m'maboma atatu ozungulira nyanjayi. M'midzi ina mukadali anthu amene anaphunzira ntchitoyi nthawi imeneyo. Afunseni.

Kumunsi itanani komiti ya alimi a mthirira ndi makomiti a asodzi a m'madoko. Ndipo pali ena amene timakonda kuwasiya chifukwa tawaweruza kale: owotcha makala, okumba mchenga, oumba njerwa. Mukawasiya kunja, malamulo anu adzakhala opangira anthu amene sanawamve, ndipo adzawaswa usiku.

Msonkhano woyamba

Sankhani tsiku losakhala la msika, losakhala Lachisanu masana, Loweruka kapena Lamulungu m'mawa, chifukwa m'midzi yathu muli a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi. Uchitikire pabwalo la mfumu ya pakati, kuti wa kuphiri ndi wa kudambo ayende mtunda wofanana. Nenani poitana pomwe kuti kulibe alawansi. Abwera ochepa, koma amenewo ndi amene mudzagwire nawo ntchito.

Yalani mapu aja, oyenda mtsinje afotokoze zimene anaona, osatchula dzina la mwini dimba kapena mwini uvuni. Zikatero mpateni mpata munthu afunse funso lovuta. Kwathu analifunsa mayi wina wachikulire wa kumtunda.

"Zikomo a mfumu, zikomo nonse. Ine langa ndi limodzi. Dimba langa lili m'mphepete mwa mtsinje, ndimo muchokera sopo ndi makope a zidzukulu. Ndikasuntha kuti anzathu a mpunga alandire madzi oyera, iwowo andipatsa chiyani?"

Panakhala zii. Kenaka bambo wina wa ku mthirira anavula chipewa nati, "Mayi, mwalasa. Ife tinabwera kudzakudandaulirani, sitinaganize zoti tibwere ndi kanthu m'manja. Tipatseni sabata ziwiri tikakambirane."

Funso limenelo ndiye mutu wa ntchito yonse. Wa kumtunda ndi amene amataya: malo a dimba, nkhuni, masiku okumba. Wa kumunsi ndi amene amapindula msanga. Ngati phindu silikwera phiri, mgwirizano umatha chaka chisanathe. Sikuti zikhale ndalama ayi. Kwathu a mthirira analonjeza kutumiza anthu masiku otseka zigwembe ndi kubweretsa mpunga wophika pa ntchito, asodzi anati ndiwo za matemba n'zawo, ofesi inalonjeza mbewu ndi machubu. Zochepa, koma mayi uja anaona kuti sakusenza yekha.

Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe m'Chichewa, patsamba limodzi kapena awiri: ndani achita chiyani, mwezi uti, abweretsa chiyani. Malamulo akhale ochepa, okhoza kuwatsata: za moto, za ziweto, za mtunda wosiya m'mbali mwa mtsinje, za malo ololedwa kukumba mchenga. Chindapusa chikhale chimene munthu wa m'mudzi angathe kulipira, chifukwa chokwera kwambiri mfumu imachita nacho manyazi, mlandu n'kufera m'mazira. Mafumu onse asaine, kope lina lipite ku khonsolo. Ngati padzakhale ndalama, osainira ku banki akhale atatu ochokera m'midzi yosiyana.

Ntchito iyambire kumwamba

Kulimbitsa gombe la mtsinje phiri likadali lambee kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha. Yambani pomwe dontho la mvula limagwera.

Pa phiri ndi m'malo osalimidwa, musathamangire kubzala. Yang'anani zitsa. Mitengo yathu ngati mombo ndi masuku imaphukira yokha ikangosiyidwa, ndipo mizu yake ili kale pansi penipeni. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, tsatani ndi kusadzira chaka ndi chaka. Mdani wake ndi moto. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malowo mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, ndipo mugwirizane kuti utsi ukaoneka, midzi yonse ithamange, osati wa kufupi yekha. Osaka mbewa alankhulidwe mwezi wa Julayi usanafike.

M'minda ndiye muli ntchito yaikulu, ndipo apa ndichedwepo. Mizere yambiri imene imaoneka ngati yapingasa chitsetso imakhala yopendekera pang'ono, madzi n'kumathamangira mbali imodzi mpaka kudula. Mankhwala ake ndi akalozera, ndipo chida choyezera mutha kupanga nokha. Pezani nsungwi ziwiri zowongoka, zotalika mamita 2, zofanana ndendende, ndi ina ya mita imodzi. Mangani ziwirizo kumutu, yachitatu ipingase pakati kuti chioneke ngati chilembo A. Pamwamba mangani chingwe, kumapeto kwake mwala, ulendewere kupitirira yopingasa ija. Imikani chidacho pansi, khomani chikhomo pomwe mwendo uliwonse waponda, ndipo lembani ndi khala pomwe chingwe chakhudza nsungwi yopingasa. Tembenuzani, mwendo wa kumanja uponde pomwe panali wa kumanzere, lembaninso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo temani ndi mpeni. Chingwe chikagwera pamenepo ndiye kuti miyendo yonse yaponda molingana.

Yambirani kumutu kwa munda. Khomani chikhomo pa mwendo woyamba, sunthani wachiwiri kukwera kapena kutsika mpaka chingwe chigwere potema paja, khomani china, zungulirani pa mwendo umenewo, pitirizani mpaka kumalire. Mzere wa zikhomo ukakhota mwadzidzidzi, uwongoleni pang'ono ndi maso. Ungani mzere waukulu motsata zikhomozo: ameneyo ndiye kalozera. Potsetsereka kwambiri akalozera atalikirane mamita 5, potsetsereka pang'ono mamita 10 mpaka 15. Mizere ina yonse igumulidwe n'kuungidwanso motsata kalozera, motalikirana masentimita 75, ndipo m'makwalala ikani ngonyeka, zotsikirapo pang'ono kusiyana ndi mzere, kuti madzi adikhe n'kulowa pansi. Mvula ikakhazikika, bzalani udzu wa vetiva pa kalozera: ziphukira ziwiri kapena zitatu pa phando, masamba odulidwa, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mukatalikitsa, madzi amapeza podutsa. Vetiva woyandikana amatsekana n'kukhala mpanda wosefa nthaka.

Koma izi sizitheka munthu payekha. Mnzanu wa pamwamba akapanda kukonza, madzi ake amafika kwa inu ali ndi liwiro n'kuphwasula zonse. Choncho gwirani chitsetso chonse pamodzi, munda ndi munda, kuyambira wa pamwamba. Njira za mapazi ndi malire a minda zikwezedwe ndi dothi, chifukwa zigwembe zambiri zinayamba ngati kanjira kopita ku chigayo.

Chigwembe nachonso chiyambireni kumutu. Tchingani ndi miyala, kapena zikhomo zolukidwa ndi nthambi, kapena matumba a dothi. Chotchinga chilowe m'makoma a chigwembe mbali zonse, pakati pake pakhale potsika kuti madzi adutse pamenepo, ndipo kunsi kwake yalani miyala kuti madzi akagwa asakumbe. Zing'onozing'ono zambiri zimaposa chachikulu chimodzi. Dothi likadzaza kuseri, bzalanipo vetiva, nsenjere, nthochi kapena nsungwi. Chigwembe chozama kupitirira msinkhu wa munthu, ngati zina zimene anasiya namondwe Freddy mu Malichi 2023, musachiyambe nokha. Itanani a zosamalira nthaka ku ofesi ya zaulimi aone kaye.

Tsopano mbande

Nazale ikhale pafupi ndi madzi osaphwa, yotchingidwa ndi mpanda, ndipo mudzi uliwonse ukhale ndi yake. Nazale imodzi ya midzi isanu imasanduka ya palibe, ndipo mbande zimavulala ponyamula. Fesani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. M'machubu ikani dothi la pamwamba losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana. Mbewu za khungu lolimba monga msangu ndi mthethe zichekeni pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kumbali yosakhala ya kamaso. Mbewu ya mbawa siichedwa kufa, ifesedwe ikadali yatsopano. Machubu muziwasuntha pafupipafupi kuti mizu isalowe pansi, ndipo kukatsala sabata zingapo kuti muwokere, chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zizolowere dzuwa.

M'mbali mwa mtsinje bzalani zokonda madzi: katope, mkuyu, mwimbi, mbawa, nsungwi, ndipo bango ndi udzu wa m'gombe zisiyidwe. Bulugamu ali ndi ntchito yake, milimo ndi nkhuni, koma malo ake ndi kutali ndi kasupe.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musanyengeke ndi tsiku lomalizalo. Mtengo wowokeredwa mu Disembala kapena Januwale umamwa mvula ya miyezi itatu. Wa mu Malichi umakumana ndi chilimwe uli khanda. Ife tinaphunzira movutika. Chaka china bungwe lina linatibweretsera mbande pa lole mu Malichi, ndi masikipa ndi zokuzira mawu. Tinavina, tinabzala, alendo anajambula n'kumapita. Maenje anali okumbidwa m'mawa womwewo, ndipo palibe anagawiridwa mtengo woti ausamale. Pofika Okutobala, imene sinaume inali itadyedwa ndi mbuzi. Sindikuwada anthuwo, cholakwa chinali chathunso: tinaopa kunena kuti mwachedwa. Mlendo ndi mame. Abwenzi akabwera ndi thandizo, aonetseni pepala la mgwirizano ndi kalendala yanu, alowe m'menemo. Wobwera mu Malichi mum'pemphe makheni, wilibala ndi machubu a chaka chamawa.

Maenje akumbidwe mvula isanayambe, masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya, a mitengo ya zipatso akulirepo. Ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mwini. M'mbali mwa mtsinje, mwini dimba ndiye mwini mitengo yoyang'anizana ndi dimba lake: alimire, atchingire ndi minga, ndipo nsungwi ndi zipatso zikadzakula n'zake.

Chimene mwam'landa munthu, m'bwezereni china

Mayi wa dimba uja sanasunthe tsiku limodzi. Chaka choyamba anasiya mizere ya kufupi ndi madzi, tinabzalamo nthochi ndi nsenjere, ndipo anyamata anam'kumbira chitsime chapafupi chakumtunda kuti asamatsikire kumtsinje ndi kheni. Wowotcha makala simungam'letse ndi mawu okha ana ake ali ndi njala; ming'oma ya njuchi m'nkhalango ya mudzi, ganyu wa ku nazale ndi banki mkhonde ndi zimene zimam'patsa pogwira. Njuchi zilinso ndi ubwino wina: mwini mng'oma ndi amene amayamba kuthamanga akaona utsi. Mbaula ya Chitetezo imachepetsa nkhuni pakhomo, ndipo amayi a m'magulu amaumba okha. Koma tisanamizane, makala ambiri amapsa chifukwa m'tauni muli ogula. N'chifukwa chake a mumzinda, matchalitchi, mizikiti, sukulu zogonera komweko ndi khonsolo, nawonso ali ndi mpando wawo pa mgwirizanowu, ndipo si mpando wa mlendo wolemekezeka.

Kuwerenga

Boma linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, koma nambala imene inu mungaidziwe bwino ndi ya kamtsinje kanu. Musamawerenge mitengo yobzalidwa. Werengani yamoyo, mu Okutobala, dzuwa litaiyesa. Owerenga achokere mudzi wina: a kumunsi akawerenge kumtunda, a kumtunda akaone ngalande za kumunsi. Sikukayikirana, koma munthu sadzionera yekha kumsana, ndipo wa mpunga akaona ndi maso ake thukuta limene lagwera kuphiri, mpunga analonjeza uja saubweretsa mokakamizika.

Kumanani kanayi pa chaka, malo azisinthana, ndipo kope la zokambirana lizisungidwa ndi mlembi, osati ndi wa bungwe. Msonkhano wa mu Epulo ndi wokonza zimene mvula yaphwasula ndi kugawana masiku olambula. Wa mu Novembala ndi woona maenje ndi mbande zolowa m'malo mwa zouma.

Za madzi enieniwo, pali njira ziwiri zosalira ndalama. Pezani mwala waukulu kapena mwendo wa mlatho, jambulanipo mizere ndi penti, ndipo pa 1 mwezi uliwonse wina alembe pomwe madzi afika, makamaka Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Yachiwiri ndi botolo. Mvula yamphamvu ikagwa, tungani madzi m'botolo loonekera mkati, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, mulisiye usiku wonse osaligwedeza. M'mawa lembani ndi cholembera pomwe matope alekezera, ndi deti lake. Gwiritsani mabotolo ofanana kukula, ndipo musataye a chaka chatha. Athu timasunga pawindo la kalasi ku pulayimale, ndipo otunga ndi ana a Sitandade 7. Aphunzitsi awo anangotipempha kuti ana asamatsikire kumtsinje madzi akadali olusa, ndiye botolo timalimangirira ku nsungwi yaitali, iwo n'kutunga ali pa mlatho.